Khitchini Yolipira pa Ola

Fourways, Joni
12 Januwale 2025

Amake Jamal,

Asalamu alaikum. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana ndi amayi kumeneko ku Namwera. Ine ndilipo, kupatula chifuwa chimene chinandigwira sabata yatha, koma chikupita. Kalatayi ndapatsira a Suwedi a transipota pamodzi ndi chikwama cha buluu. Muli shuga, mafuta ophikira, sopo ndi nsapato za Asiyatu. Zikamukulira musasinthitse, phazi la mwana silichedwa.

Ndasankha kulemba chifukwa pa foni ya alamu anu sitilankhula momasuka. Ndikangoyamba nkhani ndimamva anthu akutsokomola pambali panu.

Abwana ndi adona akusamuka. Akupita ku Dubai kumapeto kwa mwezi uno, nyumba agulitsa kale. Anandiuza Lachiwiri ndili pakati pokanda ufa. Adona anagwetsa misozi, amvekere ndinali ngati wa pabanja. Ine ndinapitiriza kukanda. Zaka zonsezi ndawaphikira, koma ulendowu ulibe malo a khukhi. Amayi musawauze pakali pano.

Musade nkhawa kwambiri, ndili ndi ganizo. Mnzawo wa adona, Anti Farida a ku Emmarentia, amakonda masamusa anga. Akuti Ramadani isanayambe mabanja achimwenye kuno amadzaza mafiliji ndi masamusa osakazinga, kuti nthawi yomasula kusala madzulo azingotulutsa n'kuponya m'mafuta. Alonjeza kundipezera makasitomala pa gulu lawo la azimayi la pa Watsapu.

Vuto ndi malo opangira. Ndikusamukira ku Randburg kwa Shafii, mwana wa a Asumani a ku Katuli uja, amene amalondera ku Sandton. Chipinda chake mukatambasula manja mukhudza makoma onse awiri, ndipo mwini nyumba salola ngakhale kukazinga anyezi. Shafii akuti kuno kuli makhitchini obwereka, anthu ambiri kugwiritsa ntchito imodzi mosinthana, aliyense kulipira pa ola. Amapezeka pa intaneti. Ndayamba kale kufufuza pa foni.

Feteleza wachiwiri musachedwe naye. Gulani thumba limodzi kaye, zinazo tiona.

Ndine mwamuna wanu,
Tawakali

Randburg
26 Januwale

Amake Jamal,

Asalamu alaikum. A Suwedi andiuza kuti Jamal anadwala malungo koma wadzuka. Tithokoze Mulungu. Mankhwala amalize onse, asasiyire panjira poona kuti wayamba kuthamanga. Ine ndili bwino. Ndikugona pansi kwa Shafii, iye akapita ku ntchito ndimakwera pa bedi.

Za khitchini zija, sabata yonse maso anga akhala pa foni mpaka kuwawa. Ndinapeza malo atatu. Oyamba ali ku Sandton, owala ngati chipatala cha anthu olemera, koma ola limodzi ndi mtengo wa thumba la ufa. Achiwiri anali otchipa kwambiri. Mwini wake anayankha msanga, akuti nditumize dipoziti tsiku lomwelo chifukwa anthu akulimbirana, malowo ndikaona pambuyo. Ndinangotsala pang'ono kutumiza. Shafii anatenga chithunzi chimodzi n'kuchifufuza, ndipo tinachipeza pa tsamba lina, khitchini yomweyo, mapoto omwewo, koma ku Cape Town. Nditamufunsa munthu uja adiresi anandibuloka.

Achitatu ali konkuno ku Randburg, kumafakitale, ulendo wapansi. Mwini wake ndi mayi wa Chizulu, Sisi Nomvula. Apa sindinafune kupupuluma. Ndinawerenga ndemanga zonse zimene anthu analemba pansi pa tsamba lake, kuyambira za odandaula, chifukwa oyamikira ena amakhala abale a mwini malo. Wina anadandaula za poimika galimoto, wina kuti Loweruka kumadzaza. Palibe anatchula makoswe kapena kuba. Ndinaona pa mapu a pa foni kuti nyumbayo ilipodi, geti lobiriwira ngati la pa chithunzi. Kenako ndinamuimbira ya vidiyo kuti ayende ndi foni khitchini yonse ine ndikuona. Anaseka n'kunena kuti, "Baba, ndinu apolisi kodi?" Koma anayenda, mpaka kumabafa.

Ndiye ndinamufunsa funso lalikulu. Ndinati, "Makasitomala anga ndi Asilamu, inenso ndine Msilamu. Kodi muno mumaphikidwa nkhumba?"

Iye anati, "Palibe amaphika nkhumba muno. Ndili ndi anthu a makeke, a mabisiketi, wina wa atcha wa mango, wina wa soseji za ng'ombe. Asilamu awiri amabwera kale."

Dzulo ndinapita ndekha kukaona. Ndinatsegula mafiliji, ndinanunkhiza mapoto, ndinasuzumira kuseri kwa mbaula, ndinawerenga chikalata cha a zaumoyo chimene chili pakhoma. Magetsi akazima ali ndi jenereta. Alinso ndi makina aakulu ogayira nyama, a chitsulo chonyezimira. Ndizigula nyama yathunthu ku butchala ya halali ku Mayfair n'kumagaya ndekha, zimatchipa kusiyana ndi yogayagaya.

Ndabukitsa m'mawa uliwonse kupatula Lachisanu, mwezi wathunthu. Ndalipira ndi ndalama imene adona andipatsa yotsanzikira. Yatsala yochepa, ndiye mwezi uno sinditumiza kanthu. Pirirani pang'ono.

Tawakali

Randburg
16 Febuluwale

Amake Jamal,

Asalamu alaikum. Ndamva kuti mvula inadula sabata ziwiri ndipo chimanga cha kumtunda chayamba kufota. Tisiyire Mwini wake. Inu muli bwanji ndi mutu uja? Ine zala zatupa ndi kupinda masamusa, koma kutupa kwake ndi kwabwino.

Anti Farida anasunga lonjezo. Anaika chithunzi cha masamusa anga pa gulu lija, ndipo foni siikupuma. Wina akufuna madazeni khumi a nyama, wina a nkhuku, wina akuti tsabola achepe chifukwa cha ana. Ndimalowa m'khitchini kukangocha, ndimagaya nyama, ndimakazinga ndi anyezi, ndimapinda mpaka masana. Ndalama imene ndatumizayi mugule malata a chipinda cha ana, mvula ya chaka chamawa isadzawapezenso pa udzu. Mugule kwa Mmwenye wa pa Namwera, osati kwa anyamata a pamsika.

Ndapeza mnzanga. Ndi uja wa soseji, amalowa ine ndikamatuluka. Dzina lake James. Tsiku lina anandimva ndikulankhula ndi Shafii pa foni, anaika bokosi pansi n'kubwera. Anati, "Muli bwanji, achimwene? Ine bwino. Basi, Chichewa changa chathera pomwepo." Bambo ake anali a ku Ntcheu, anabwera kumigodi kalekale n'kumwalira konkuno osabwererako. James anabadwira ku Kagiso, ku Malawi sanapondeko. Timalankhula Chingerezi chosakaniza ndi Chizulu, iye amanditcha bhuti, ndiye kuti achimwene.

Amakonda kundifunsa kuti ku Ntcheu kumaoneka bwanji. Ine ndinangodutsako pa basi, ndiye ndimamuuza za mapiri ndi milu ya mbatata ndi kabichi m'mbali mwa msewu. Amamvetsera ngati ndikumuwerengera kalata. Mawa lake amafunsanso zomwezo.

Ali ndi kagalimoto kapikapu. Akamaliza ntchito yake amandinyamulira katundu kupita ku Emmarentia ndi ku Mayfair, ndipo ya petulo amakana. Akuti, "Siya, bhuti, bambo anga angandikwiyire kumanda." Chonsecho naye sizikumuyendera. Mkazi wake Zodwa anachotsedwa ntchito, ana atatu onse akudya za sosejizo.

Mumuuze Jamal kuti mpira ndamuonera, ubwera ndi katundu wa Idi.

Ndine wanu,
Tawakali

Randburg
26 Febuluwale

Amake Jamal,

Asalamu alaikum. Ndikhulupirira nonse muli bwino. Ine m'thupi mulibe vuto.

Sindilemba zambiri, a Suwedi akunyamuka masana ano. Malata aja ngati simunakhome, musakhome kaye. Muwaike m'nyumba, asapindike.

Dzana ndinamuthandiza James kutsitsa mabokosi m'galimoto, ndipo ndinaona chinthu chimene ndikanakonda ndikanapanda kuona. Chichitikireni sindinapitenso ku khitchini. Shafii akuti ndikhale chete. Chakudya sichikulowa.

Ramadani iyamba Lamulungu mwezi ukaoneka. Mundipempherere. Musafunse pa foni, ndidzalemba.

Tawakali

Randburg
9 Malichi

Amake Jamal,

Asalamu alaikum. Ramadani yabwino kwa inu, kwa amayi ndi ana. Asiyatu musamukakamize kusala tsiku lonse, akadali wamng'ono. Ine ndikusala bwinobwino.

Tsopano ndikuuzeni. Pa mabokosi a James aja panali limodzi lolemera, pambali pake pali chithunzi cha nkhumba. Ndinaganiza kuti ndi bokosi chabe lotola. Nditatsegula munali mafuta oyera, odulidwa zidutswazidutswa. Ndinamufunsa kuti ichi n'chiyani.

Anayankha akuseka, "Mafuta a nkhumba, bhuti. Nyama ndi ya ng'ombe, koma popanda awa soseji imauma ngati chikuni. Aliyense amathira."

Ndinati, "Umagayira pati?"

Analoza makina omwe aja.

Ataona nkhope yanga kuseka kunatha. Anati amatsuka tsiku lililonse ndi sopo ndi madzi otentha, ndipo ndikudziwa kuti amatsukadi. Koma ndinapempha sipanala n'kumasula makinawo mpaka m'kati. M'mizere ya chitsulo chozungulira chimene chimakankha nyama munali mafuta oyera atakanirira, kumene dzanja silifika. Nyama yanga yonse yadutsa mmenemo kuyambira tsiku loyamba. Ndinanunkhiza mapoto, ndinasuzumira kuseri kwa mbaula, koma makinawo ndinangowayamikira kuwala.

Shafii anati, "Achimwene, ndani angadziwe? Mafuta ake ndi angati? Mukalankhula mwadzipha nokha." Sindinamukwiyire, iye amaona mmene ndikugonera pansi. Lachisanu itatha swala ndinawatsalira ashehe a mzikiti wathu kuno. Anati amene anadya osadziwa alibe tchimo, ngakhale ine amene ndinagaya osadziwa. Kenako anati, "Koma tsopano mukudziwa." 

Kuchokera ku mzikiti ndinakwera takisi ya ku Emmarentia. Anti Farida anatsegula chitseko akumwetulira, akuganiza kuti ndabweretsa katundu wina. Ndinawauza nditaima pakhonde. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati, "Tawakali, Lamulungu lapitali ndinakazingira alendo. Mdzukulu wanga anadya. A maulana athu a ku mzikiti anadya." Sanandikalipire. Anaitana wantchito kuti atulutse mapaketi onse m'filiji n'kuika m'matumba akuda a zinyalala, n'kundipatsa. M'nyumba sanandilowetse.

Ndisanafike pokwerera takisi uthenga unali utafika kale pa gulu lija, ndi chithunzi chomwe chija cha masamusa anga. Foni inayamba kulira. Ena anatukwana, ena anangolemba nambala ya akaunti. Mayi mmodzi yekha anati, "Zikomo ponena." Ndabweza ndalama kwa onse amene ndinatha. Masamusa a nkhuku omwe anabweza, poti nayonso inadutsa m'makina omwewo.

Matumba aja ndinawanyamula pamiyendo m'takisi akusungunuka. Shafii anakagawira alonda anzake amene si Asilamu. Akuti anayamikira kwambiri, akufunsa ngati ndipanganso.

Malata abwezeni kusitolo, ngakhale adulepo ina. Ndalamayo isungeni ya chimanga, poti kumunda mwanena kuti sikuli bwino.

Tawakali

Randburg
20 Malichi

Amake Jamal,

Asalamu alaikum. Mawu anu afika. Mwati ndikanayamba ndakufunsani ndisanapite ku Emmarentia. Mwina mukunena zoona. Ndamvanso kuti Mmwenye wakana kulandira malata. Agulitseni kwa aphunzitsi aja amene akumanga, musawaumirire mtengo. Ine ndili bwino, kungoti ndaonda, koma ndi Ramadani.

Ndinapita kwa Sisi Nomvula. Poyamba anati, "Ine sindinakunamizeni, baba. Munafunsa ngati muno mumaphikidwa nkhumba. James saphika, amangogaya n'kuika m'matumbo." Kenako anakhala pansi n'kugwira mutu. Ndikuona kuti nayenso sankadziwa, James anamuuza kuti ndi soseji za ng'ombe ndipo iye sanafunse zambiri. Ndalama ya masiku otsala anakana kubweza, akuti inapita kale ku lendi. Koma anati andipatsa sabata yaulere ndikapanda kulemba kalikonse pa tsamba lake.

Ndinaganiza masiku angapo. Ine ndinakhulupirira malo aja chifukwa cha zimene anthu ena analemba. Ndiye ndinalemba, Shafii anandikonzera Chingerezi. Ndinati malowa ndi aukhondo, magetsi savuta, mwini wake ndi waulemu, koma makina ogayira nyama ndi amodzi kwa onse ndipo mumadutsa mafuta a nkhumba, Msilamu afunse asanabukitse. Dzina la James sindinatchule.

Asilamu awiri aja anachoka sabata yomweyo. Sisi Nomvula anamuchotsa James, nagula chitsulo china cha m'makina, n'kuyankha pansi pa ndemanga yanga kuti vutolo lakonzedwa. Zoti achotsa munthu ine sindinaziganizire. James ananditumizira mawu pa foni, achidule. Anati, "Bhuti, ukanandiuza kuti ulemba, ndikanapeza pogayira pena." Ndinamuimbira, sanayankhe.

Ndinayesanso kufufuza makhitchini ena, a halali enieni okhala ndi chikalata. Alipo, koma kutali ndiponso okwera mtengo. Ndipo ngakhale nditapeza, agula ndani? Ku Mayfair dzina langa likudziwika tsopano. Ndinazimitsa foni.

Ndapeza ganyu yotsuka mbale pa lesitilanti ina kuno, masiku atatu pa sabata. Kutsuka mbale za anthu uli pa swaumu si chinthu chopepuka, koma ndi ntchito. Za mapepala anga mwini wake sanafunse, inenso sindinayambitse.

Zovala za Idi za ana chaka chino sizitheka. Muwafotokozere mmene mungathere.

Tawakali

Randburg
2 Epulo

Amake Jamal,

Asalamu alaikum. Idi Mubarak kwa nonse, ngakhale kalatayi ifika itapita kale. Ndamva kuti amayi anapha nkhuku yawo kuti ana adye mpunga ndi nyama. Muwathokoze m'malo mwanga. Ine ndili moyo. Pobwera kumudzi chaka chino musandiyembekezere.

Lolemba tinaswali Idi pabwalo. Ndinavala mkanjo wanga woyera. Itatha swala anthu anakumbatirana, ena amene amandidziwa anandipatsa moni, ena anayang'ana kumbali. Ndinanyamuka wapansi ndi gulu la anzathu a ku Mangochi kulowera kokwerera matakisi.

Pafupi ndi renki ndinamuona James. Anali m'mbali mwa msewu ndi mbaula ya mgolo wodula pakati, akuwotcha soseji n'kumagulitsa ndi buledi. Galimoto panalibe, ndamva kuti anagulitsa. Anandiona, inenso ndinamuona. Ndinkati ndingodutsa.

Nthawi yomweyo kunatulukira galimoto ya apolisi amene amalanda katundu wa ogulitsa m'misewu. Amayi a tomato ndi a chimanga anayamba kuthawa ndi mabeseni pamutu. James anagwira mgolo mbali imodzi, koma ndi wolemera ndipo makala anali akuyaka. Anaukoka, unakana. Sanandiitane. Anangondiyang'ana kamodzi n'kuyambanso kukoka.

Sindikudziwa kuti ndinaganiza chiyani. Ndinangopezeka ndagwira chogwirira chinacho. Tinathamanga nawo kudutsa pakati pa matakisi mpaka kuseri kwa sitolo ina, utsi uli kumaso, mafuta akudontha. Anzanga aja anaima tsidya la msewu akundiyang'ana, Msilamu wa mkanjo pa tsiku la Idi atanyamula mbaula ya soseji zimene onse akuzidziwa nkhani yake.

Titautula pansi tinakhala kanthawi tikupuma wefuwefu. James anayang'ana mkanjo wanga n'kunena kuti, "Eish, bhuti, zovala zako za kutchalitchi." Mafuta anali atayenderera kuyambira pa bondo mpaka kumusi. Anafuna kupukuta ndi nsalu yake, kenako anaona kuti nayo ndi ya mafuta omwewo, anabweza dzanja.

Ndinamufunsa za ana. Anati ali bwino, wamkulu wasiya kaye sukulu. Anandifunsa za ntchito, ndinamuuza za mbale. Analibe choti angandipatse kuti ndidye, inenso ndinalibe choti ndimupatse. Anafunsa kuti, "Tsiku la lero mumapatsana moni wotani?" Ndinamuuza. Anayesa kutchula, analakwitsa, anayesanso. Kenako anayamba kutola soseji zimene zinagwera pansi n'kumazipukuta, ine ndinabwerera ku msewu. Anzanga anali atapita.

Mkanjo ndauviika m'madzi otentha ndi sopo, ndauchapa mpaka manja kuwawa. Banga lakana. Ashehe akuti chovala ukachichapa bwino chayera, ngakhale banga litatsala. Koma anthu saona kuti wachapa, amaona banga. Wina ndilibe. Lachisanu ndipita nawo womwewo, ndikaima mzere wakumbuyo.

Chimanga chikauma musagulitse ngakhale chitini chimodzi.

Ndine mwamuna wanu,
Tawakali